Shelefu Yofiira ya ku Arlington

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mumandiyankha m'Chingerezi ndikakulankhulani m'Chichewa, mutu uno ndaulemba m'chinenero chathu mwadala. Wofuna kudziwa chimene ndinkachita zaka zonse zija ndikamabwera kunyumba ndikununkha guluu, avutike awerenge. Za kubadwa kwanga ndi za sukulu ndazilumpha, mulibe chodabwitsa. Ndiyambira pa ntchito.

1972

Ndinafika ku Arlington kukuzizira koopsa, nditavala jekete lobwereka, m'thumba muli kalata imodzi yondichitira umboni. Kalatayo inkanena zoona. Kwathu ndinayenda zaka zisanu ndi galimoto ya kanema ya alangizi a zaulimi, kuonetsa anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu kathiridwe ka feteleza, ndipo filimu ikaduka anthu asanayambe kudandaula ndinali nditailumikiza kale. Mzungu amene ndinkayenda naye m'galimotomo ndi amene anandiitanitsa kuno, n'kundipezera malo pa kampani ina yaing'ono yobwereketsa mafilimu ku masukulu, ku mipingo ndi ku makalabu a asilikali. Inali nyumba ya njerwa yopanda mawindo, kuseri kwa galaja yokonzera magalimoto.

Ntchito yanga inali iyi. Filimu ikabwerako kwa obwereka, ndinkaichotsa m'chitini chake, kuika gudumu lake pa tebulo, n'kumapukusa ndi dzanja lamanja. Lamanzere ndinkavala golovesi loyera la thonje, filimu ikudutsa pakati pa zala ziwiri. Pamene pang'ambika chala chimamva maso asanaone. Ukamva, umaima, kudula, kupala pang'ono, kupaka guluu, kumata. Bwana wathu, Bambo Whitlow, anali msilikali wopuma, munthu wosaseka amene ankayenda ndi wotchi m'manja. Magolovesi ankatipatsa awiri pa mwezi, ndipo amayi anu atabwera kudzandipeza, ntchito yawo yoyamba mu Amereka inali kusoka zala za magolovesi anga. Babu la makina oonetsera likapsa, unkayenera kupita nalo lakupsalo ku ofesi ngati umboni, apo ayi sulandira lina.

Amene anandiphunzitsa ntchito yeniyeni anali mnzanga wa tebulo loyandikana, Bambo Saul, mkulu wamfupi wa imvi amene dzina langa la Kamwendo linamukanika, n'kumangonditchula kuti Kam. Manja ake anali odabwitsa, pamene wamata iye sungapaone. Koma panali shelefu imodzi kumbuyo kwenikweni, yopakidwa penti yofiira m'mphepete, imene sankaikhudza ngakhale ndi chala. Tsiku langa loyamba anailoza ndi chibwano n'kunena kuti, "Amenewo ndi ako, Kam. Usadzandifunse chilichonse cha pamenepo."

Pa shelefu imeneyo pankakhala mafilimu olimbana ndi chikomyunizimu, opangidwa nkhondo yaikulu itangotha mpaka m'zaka za m'ma 1950. Ambiri anali akuda ndi oyera, ndipo nkhani yake inali imodzimodzi, ankangosintha zipewa za anthu. Tauni yabwino, ana akupita kusukulu, kenako pakubwera munthu wofatsa, wowerenga mabuku ambiri, wosapita ku tchalitchi, amene amakumana ndi anzake m'chipinda chapansi. Pamapeto zimadziwika kuti amalandira malamulo kuchokera ku Moscow. Ngwazi ya filimu nthawi zonse anali munthu amene watola foni n'kukanena: kunenera mlamu wake, mphunzitsi wa mwana wake, nthawi zina mwana wake womubala. Sindibisa, poyamba ndinkawakonda kwambiri. Kwathu mawu akuti komyunisiti tinkawatchula motsitsa, ngati tikunena za mfiti, choncho ndinkati Amereka ndi ife tikuona chimodzimodzi.

1976

Zinatenga zaka zinayi kuti Bambo Saul andiuze chimene ankadera shelefuyo. Tinali kudya nkhomaliro pa masitepe a kuseri, iye buledi ndi nsomba ya m'chitini, ine mbatata zimene amayi anu anapeza pa sitolo ina ku Maryland. Anati ali mnyamata ankagwira ntchito yodula ndi kulumikiza mafilimu akuluakulu ku California, ndipo anapitako ku misonkhano iwiri yokha yokambirana za malipiro a antchito. Patapita zaka, komiti ina ya boma inayamba kuitana anthu a mafilimu kuti atchule mayina a makomyunisiti. Mnzake amene ankadya pakhomo pake Lachisanu lililonse anatchula lake.

"Sanandimenye, Kam. Sanandimange," anatero. "Foni yanga inangosiya kulira. Ndikakumana ndi anzanga mumsewu ankawoloka. Kenako ndikupita koonera kanema, ndikuona munthu ngati ine pa chinsalu, nkhope ya khoswe, anthu akuomba m'manja pamene akumutenga."

 Ndinakumbukira msuweni wanga, mphunzitsi wa ku Linthipe, amene anatengedwa ndi galimoto yopanda nambala chifukwa cha kalata imene wina analemba, ndipo mpaka nthawi imeneyo tinali tisanamve kumene ali. Sindinamuuze Bambo Saul, chifukwa ife ngakhale tili kutsidya kwa nyanja tinkaopa makoma. Koma kuyambira tsiku limenelo, ndikamayesa mafilimu a pa shelefu yofiira, maso anga sankakhalanso pa munthu wa pa foni. Ankapita pa amene akukwezedwa m'galimoto.

1983

Chaka chimenechi kunabwera Mayi Nankhoma, mphunzitsi wa mbiri yakale wa ku sekondale ina ku Mchinji, munthu wamkulu ndithu amene anasiya amuna awo ndi ana atatu kuti adzaphunzire pa yunivesite yaikulu ya ku Foggy Bottom. Boma la kwathu ndi limene linawatumiza. Ankalemba za mafilimu omwewa, mmene ankaphunzitsira anthu kuopa anansi awo, ndipo aphunzitsi awo anawauza kuti ku Arlington kuli kampani imene ikuwasungabe. Lachinayi lililonse ankakwera sitima ya pansi, kufika ndi kope lawo, ine n'kuwaikira filimu pa kachinsalu ka pa tebulo. Atamva kuti ndine wa ku Dedza anaseka mpaka misozi, akuti sanayembekezere kumva Chichewa m'nyumba yonunkha guluu.

Cholakwa chinali changa, ndipo ndikuchilemba kuti muchidziwe. Tsiku lina ndikusesa ndinapeza chithunzi chakale choitanira anthu ku imodzi mwa mafilimuwo: mapu a Amereka, pamwamba pake nyundo ndi chikwakwa chopindika, chizindikiro cha makomyunisiti, zonse zofiira ngati magazi. Ndinawapatsa mayiwo kuti chiwathandize pa maphunziro, iwo n'kukachipachika m'chipinda chawo. Sipanathe mwezi. Lamulungu lina titangofika kuchokera ku tchalitchi, ku nyumba kwathu ku Lanham kunagogoda Bambo Matewere.

Bambo Matewere aliyense wa kwathu ankawadziwa. Kumene ankagwira ntchito palibe ankadziwa bwino, koma baji ya chipani sinkachoka pa jekete lawo, pa maliro ndi pa ukwati sankasowa, ndipo tonse tinkadziwa kuti amalemba makalata opita kumudzi. Wophunzira amene dzina lake lalowa m'makalata amenewo ankaitanidwa kuti abwerere, ndipo pa bwalo la ndege abale ake ankadikira pachabe. Anakhala pampando wanga, kulandira tiyi, kufunsa za ana, kenako n'kutulutsa pepala lotayipa.

"A Kamwendo, nkhani ndi yaing'ono. Mayi aja a ku Mchinji akumaonera mafilimu a chikomyunizimu kuntchito kwanu, every Thursday. Ine ndalemba kale. Inu mungosaina apa ngati mboni."

"Bambo, mafilimu amenewo amatukwana makomyunisiti," ndinatero. "Anapangidwa ndi Amereka kuti anthu adane nawo."

"Nyundo ndi chikwakwa ndaziona ndi maso angawa pakhoma pawo. Kumudzi sakafunsa kuti filimu imati chiyani." Anamwa tiyi pang'ono. "Amayi anu ku Dedza akupeza bwanji? Ndamva mukufuna kukawaona chaka chamawa. Zaka khumi ndi chimodzi ndi zambiri, eti? Ndibwera Lamulungu la mkuja kudzatenga pepalali."

Atachoka ndinatseka chitseko. Ndinaopa, ana anga, ndinaopa kwambiri. Amayi anu anatola makapu, n'kuima pakhomo la khitchini.

"Mukasaina, ana atatu aja akhala amasiye amayi awo ali moyo, ndipo ine ndidziwa munthu amene ndinakwatiwa naye," anatero. "Mukakana, dzina lanu lilowa m'kalata yotsatira. Ndiye musasaine, komanso musakane."

"Nanga pali njira yachitatu?"

"Inu zaka zonsezi mwaonetsa anthu kanema, mukufunsa ine?"

Ndinaganiza masiku awiri, filimu ikudutsa m'zala koma mutu uli kwina. Kuwafotokozera Bambo Matewere m'nyumba, awiriwiri, kunali kutaya nthawi. Koma ndinakumbukira mmene zinkakhalira ndi galimoto ya kanema kumudzi. Munthu wa chipani ukamuitana kuti akhale mlendo wolemekezeka sakana, chifukwa akakana anthu afunsa kuti bwanji. Akakhala pampando wa kutsogolo ayenera kulankhula, ndipo polankhula ayenera kuthokoza amene wakonza mwambowo, kumutchula dzina pamaso pa onse. Amenewo ndi makhalidwe athu, ndipo palibe wamkulu amene amawalumpha. Ndinaganiza zokonza kanema wa anthu onse a kwathu, wochenjeza za kuipa kwa chikomyunizimu, mlendo wolemekezeka Bambo Matewere, wokonza mwambo Mayi Nankhoma. Zikakanika, ndiye kuti ndadziika ndekha poyera pambali pa mayiwo, ndipo kalata ikanatenga tonse awiri.

Lachinayi ndinawauza mayiwo zonse. Choyamba chimene ananena chinandidabwitsa.

"Achimwene, maphunziro anga onse akunena kuti mafilimu amenewa anawononga anthu. Mukufuna ndikaime kutsogolo ndikawayamikire?"

"Simukanama ngakhale liwu limodzi, chemwali. Mukangonena kuti filimuyi inapangidwa liti, ndi ndani, ndipo inkafuna kuti anthu achite chiyani. Zoyamikira tiwasiyira eni ake."

Anatseka kope lawo n'kuvomera.

Chotsala chinali kusankha filimu, ndipo pa zimenezi ndinaphwanya lamulo la zaka khumi ndi chimodzi: ndinamufunsa Bambo Saul. Anakwiya mpaka khosi kufiira. Anati ndikufuna kutenga chinthu chimene chinamuphera ntchito ndi banja n'kukachionetsa m'tchalitchi, anthu akuombera m'manja. Ndinamuuza za mayiwo, za ana atatu, ndipo tsiku limenelo ndinamuuzanso za msuweni wanga wa ku Linthipe. Anavala chipewa n'kuweruka nthawi isanakwane. M'mawa mwake ndinapeza zitini zitatu pa tebulo panga. Filimuyo inali itapukutidwa yonse, pomata ponse pakale patadulidwa n'kumatidwanso ndi manja amene ndinkawadziwa.

"Imeneyo ndi yonyansa kuposa onse," anatero osandiyang'ana. "Mnzakoyo akaikonda."

Bambo Whitlow atamva kuti Aafirika akufuna kuonera za kuipa kwa chikomyunizimu anandigwira chanza koyamba chiyambire ntchito, n'kundipatsa babu latsopano osafunsa lakupsa.

Loweruka

Tinachitira m'chipinda chapansi cha tchalitchi china ku Lanham, masana, mawindo titatseka ndi mabulangete. Anthu ankaopa kubwera, komanso ankaopa kuti Bambo Matewere aona amene sanabwere, choncho anabwera onse, mipando inachepa. Woyendetsa mwambo anali Mayi Tembo, namwino wa ku Lusaka amene tinkapemphera naye. Iwo analibe pasipoti ya kwathu yoti wina awalande, ndipo pakamwa pawo panalibe chotsekera. Anawakhazika Bambo Matewere pampando wa abusa, wa khushoni, pakati penipeni kutsogolo. Mayi Nankhoma anaima n'kunena mawu ochepa monga tinapangana.

Ndinazimitsa magetsi n'kuyatsa makina. Filimuyo imayamba ndi nyundo ndi chikwakwa zitadzaza chinsalu chonse, ng'oma zikulira. M'chipinda munati zii. Ndinaona Bambo Matewere akuwongoka, dzanja likulowa m'thumba la jekete mmene munkakhala kabuku kawo kolembamo mayina a anthu. Ine ndinkadziwa kuti pakapita kanthawi mawu a mwamuna ayamba kunena kuti uyu ndiye mdani amene ali pakati pathu, koma kanthawi kameneko sindidzakaiwala.  Mawu aja atayamba, dzanja linatuluka m'thumba lopanda kanthu.

Nkhani yake inali ya kapitawo wa pa fakitale amene akuyamba kukayikira mlamu wake. Pofika pakati pa gudumu lachiwiri Bambo Matewere anali ataiwala ulemu wawo. Ankamenya bondo, kutembenukira anthu, kukuwa kuti, "Mwamuona? Ndi mmene amachitira amenewa! Mugwireni!" Makina tinali nawo amodzi, choncho gudumu likatha pankafunika kuyatsa magetsi kuti ndiike lina. Gudumu lachiwiri limathera pamene kapitawo uja wagwira foni koma sanaimbe. Ine amene ndinkaika filimu m'makina m'mphindi imodzi maso nditatseka, tsiku limenelo ndinakhala ngati wophunzira. Ndinamasula chitseko cha babu, kupukuta galasi, kufunafuna sikuludiraiva imene inali m'thumba mwanga. Mayi Tembo anadziwa kuti nthawi yawo yakwana.

"Manje pamene ba Kamwendo balimbana na mashini yao, tizapempha ba guest of honour batipatseko mau. Ba Matewere, bwelani kuno kusogolo, imwe ndimwe bakulu batu lelo."

Anaimirira, kukonza baji, n'kulankhula mphindi khumi ndi zisanu. Anati zimene taonazi n'zimene atsogoleri athu akhala akutichenjeza, anati wophunzira aliyense ayenera kuonera filimu imeneyi asanabwerere kumudzi. Atafika pothokoza anathokoza abusa, anathokoza amayi ophika, anathokoza ine wa makina, kenako anakhosomola n'kuyamba kulunjika kumpando. Dzina la Mayi Nankhoma sanalitchule.

"Ba Matewere, mwaibala bene ba program," anatero Mayi Tembo mokweza. "Bamene banasakila filimu iyi, banaiphunzila, banatiitana tonse. Mayi Nankhoma, imililani bakuoneni."

Mayiwo anaimirira. Anthu onse anayang'ana Bambo Matewere, ndipo m'chipindamo munalibe munthu wamkulu amene sankadziwa za pepala lija, chifukwa nkhani za kwathu zimayenda msanga kuposa sitima ya pansi. Bambowo anayang'ana mayiwo, kuyang'ana chinsalu choyera, kuyang'ana anthu. Munthu amene wangotha kuyamikira mwambo sangatukwane mwini mwambo. Anatambasula dzanja.

"Mayi awa," anatero, "ndi mwana weniweni wa dziko lathu. Ophunzira ena atengere chitsanzo. Tiwaombere m'manja."

Sindinamvepo Amalawi akuomba m'manja motero. Amayi ena analulutira m'tchalitchi cha azungu, ndipo amayi anu, amene anabwera ndi kamera atabisa m'chikwama, anajambula awiriwo atagwirana chanza. Ine ndinaika gudumu lachitatu m'mphindi imodzi, ndipo mdima unandithandiza chifukwa ndinali kulira.

Lamulungu limene analonjeza lija Bambo Matewere sanabwere. Anabwera Lachiwiri, kuntchito kwenikweni ku Arlington, ndipo nditawaona pakhomo ndinkati abwera ndi pepala. Anandikokera pambali.

"A Kamwendo, chithunzi chija mwatsukitsa? Ndikufuna kutumiza lipoti kumudzi la mwambo umene tinakonza uja. Likhale ndi chithunzi."

"Nanga za pepala lija, bambo?"

"Pepala liti?"

Ndinawapatsa zithunzi ziwiri, kuti china chikasowa pa positi china chifike.

1985

Ine ndinapita ku Dedza patatha chaka chichitikire mwambo uja, ndinawapeza amayi anga ali moyo, ndinakhala nawo milungu isanu, ndipo palibe anandifunsa kanthu. Koma mtima wanga sunakhazikike mpaka Mayi Nankhoma atamaliza maphunziro. Zimene analemba zinali zoona zokhazokha, mmene mafilimu aja anasandutsira kunenera mnansi kukhala ungwazi, ndipo buku lawolo analisiya ku laibulale ya yunivesite, sanakwere nalo ndege. Tinawaperekeza ine, amayi anu ndi Bambo Saul, amene anavala tayi koyamba chimudziwire. Kenako tinayamba kudikira, chifukwa tinkadziwa kuti mayeso enieni ali pa bwalo la ndege la kwathu.

Kalata yawo inafika patatha milungu itatu. Ndinaiwerengera pa tebulo la ntchito, ndikumasulira Bambo Saul mzere ndi mzere. Analemba kuti atatsika ndege wapolisi anatenga pasipoti yawo, kuyang'ana dzina pa mndandanda, n'kuwauza kuti alowe m'kachipinda ka pambali. Mmenemo munali bwana wina ndi fayilo ya dzina lawo pa tebulo. Anati anayamba kupemphera chamumtima, kutsanzikana ndi ana awo amene ankadziwa kuti ali kuseri kwa khoma. Bwanayo anatsegula fayilo, kuyang'ana chithunzi chija cha iwo ndi Bambo Matewere chimene chinali pamwamba, kuyang'ana iwo, kenako anaimirira n'kuwabwezera pasipoti ndi manja awiri.

"Takulandirani, mayi. Mbiri ya ntchito yanu yabwino inafika kale kuno."

Anatuluka pa khomo la anthu onse, ananyamula mwana wawo wamng'ono amene anali atatalika kufika m'chiuno, ndipo madzulo a tsiku lomwelo anali kwawo ku Mchinji.